Kulonda, Kucinjiriza ndi Kupewa

M'Cingerezi muli mau atatu amene ana athu a sukulu awasokoneza kawirikawiri, ndiwo guard, protect ndi prevent. Mwana akafunsidwa ayankha msanga kuti onsewa ndi kuteteza, ndipo mphunzitsi wotopa angobvomera. Koma mau atatuwa sali amodzi, monga khasu, nkhwangwa ndi cikwakwa siziri cinthu cimodzi, cinkana zonse zipita kumunda. Tiyeni tiwapime limodzi limodzi, pakuti m'kusiyana kwao muli funso lalikuru, ndilo ili: kodi munthu watha mangawa ace pamene waika mlonda pakhomo?

Liu loyamba, guard, Angerezi analitenga ku Cifalansa, ndipo tanthauzo lace ndilo kudikira ndi kuyang'anira. Ife titi kulonda. Ndiyo nchito ya mnyamata wokhala pa cilindo cimanga cikayamba kukhwima; anyani akadza apfuula nawaponya miyala, iwo nathawa, koma mawa abweranso. Mlonda safunsa cimene cautsa mbala, iye angoiyembekeza.

Laciwiri, protect, licokera ku Cilatini, ndipo muzu wace ndiwo kuphimba cinthu patsogolo pace. Ife titi kucinjiriza. Taonani thadzi pamene mphamba azungulira m'mwamba: afungatira anapiye, naika msana wace pakati pa iwo ndi zikhadabo. Wolonda asamala cuma, ndipo akhoza kulipidwa. Wocinjiriza asamala moyo, ndipo alipira ndiye mwini.

Lacitatu, prevent, nalonso nla Cilatini, ndipo poyamba linatanthauza kufika patsogolo. M'Cingerezi cakale munthu wotsogolera mnzace panjira ankanenedwa ndi liu lomweli. Ife titi kupewa, kapena kuletsa coipa cisanadze. Ndiye mkulu uja alambula udzu kuzinga nkhokwe mwezi wa June, lupsa lisanayambe. Palibe amtama, pakuti moto umene sunafike suoneka ndi maso.

Dziko lathu lino linadziwana ndi liu laciwiri lija kalekale. M'caka ca 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino ndi Protectorate, ndiko kunena dziko locinjirizidwa, ndipo linakhala ndi dzinalo kufikira ufulu wa 1964. Nzoona kuti malonda a akapolo anatha m'zaka zoyambazo. Komanso ocinjirizidwawo anayamba kukhoma msonkho wa nyumba, ndipo ambiri a kumwera anagwira thangata m'minda ya Azungu pa nthaka ya makolo ao. Cifukwa cace pakumva liu lokoma lotere, tizifunsa: wacinjirizidwa ndani, ndipo walipira ndani?

Tsono tiyeni ku Lilongwe, mudzi umene unasanduka likulu la dziko m'caka ca 1975. Wocokera ku Old Town, kumene kuli msika ndi phokoso la anthu, akapitirira City Centre nalowa ku Area 10 kapena ku Area 43, apeza miseu ya zii, ndi nyumba zobisika m'malinga a njerwa, pamwamba pace waya waminga kapena wamagetsi. Pa cipata pali mlonda. Ambiri a alondawa acokera ku Kauma, ku Mtandire ndi ku midzi yina yothinana, ndipo ayenda pansi kapena pa njinga dzuwa likapendeka. Usiku wonse adikira nyumba ya mwini, m'mphepo ya July, atasiya mkazi ndi ana m'nyumba ya citseko cosalimba. Nyumba yaikuru yalondedwa ndithu; koma mlondayo amcinjiriza ndani? Ndipo njala imene ituma mnyamata kukwera linga usiku, aipewa ndani? Linga likakwera mkono umodzi, mbala ingopita kwa mnansi wa linga lalifupi. Coipa sicinathe, cangosamuka.

Citsanzo coposa ciri kumene kucokera madzi a mzindawo. Mtsinje wa Lilongwe utumphuka m'nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi dziko la Mozambique, imene Boma linaipatula m'caka ca 1922. Madzi ace asungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, nafika m'mipope ya ku Capital Hill ndi ya ku Old Town comwe. Mitengo ya nkhalangoyo inayamba kutha ndi ootcha makala. Ndipo mitengo ikatha, mvula ikokolola dothi kulitaya m'damu, mtsinje nucepa m'cilimwe. Kale sikunali wolota zotere. Koma m'caka ca 2015 a Lilongwe Water Board anafika poitana asilikari a dziko kuti akalonde mitengo ndi mfuti.

Kumeneko kunali kulonda, ndipo kunafunika, pakuti nyumba ikamapsya sufunsa kaye amene anasiya moto. Koma makala sanaleke kulowa mumzinda. Njinga zolemedwa ndi matumba zinali kudzabe mbandakuca, cifukwa mabanja ambiri a m'tauni aphika ndi makala, ngakhale a m'malinga omwe magetsi akazima. Wootcha makala sadana ndi mtengo. Afuna ndalama ya ufa ndi ya sukulu ya mwana. Wogula naye sadana ndi mtsinje. Afuna nsima ipsye. Akuru anati, khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Mutu wa mlandu uwu suli m'nkhalango, uli pa mbaula. Wopewa weniweni ndiye wobzala mitengo ya nkhuni pa munda wace, ndi womanga citofu cosadya nkhuni zambiri, ndi Boma limene lifikitsa kwa osauka moto wophikira umene angathe kuugula, ndi kupatsa a m'mphepete mwa nkhalango njira yina yopezera cakudya.

Wina adzati, Kodi tsono tigwetse malinga ndi kucotsa alonda? Iai, abale. M'dziko muli oipa mtima amene akuba angakhale akhuta, ndipo kholo losatseka citseko usiku liribe nzeru. Cimene tikana ndico kuyesa kuti kulonda ndiko nchito yonse. Kulonda nkwapafupi kwa mwini ndalama, pakuti agula tulo tace ndi maso a mnzace. Kucinjiriza kufuna mtima, pakuti uyenera kuimirira wofoka, monga kulipira mlonda malipiro okwanira ndi kumpatsa copfunda. Kupewa kufuna mtima ndi nzeru pamodzi, ndiponso kudzicepetsa, cifukwa mphotho yace ndiyo tsoka limene silinacitike, ndipo palibe adzakuyamika.

Inu a kumudzi musanene kuti izi nza a m'tauni okha. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Pali ponse pali mtsinje pali mitengo ya kumutu kwace, ndipo m'mudzi uli wonse muli mwana wamasiye amene adzakhala mlimi kapena mbala monga momwe timcitira lero. Mukamanga khola, mangani lolimba. Koma mukatha, pitani mukaone ngati kwa mnansi wanu kwafuka utsi.