Konkire Nayenso Amamwa Madzi

Konkire wa m'mbali mwa dziwe losambiramo amanamiza maso. Omanga amamudinda akadali wofewa ndi zidindo za rabala, ndiye akauma amaoneka ngati miyala yosema yoyalidwa mwaluso. Woponda amaganiza kuti zimenezi zidzakhala mpaka kalekale. Chonsecho konkireyo ali ndi timabowo tosaoneka, ndipo amamwa chilichonse chomugwera: madzi a klorini, mafuta odzola, zothimbirira za masamba owola. Dziwe likakhala lamchere, mcherewo umalowa m'timabowomo, madzi akauma umatsalira, kenako pamwambapo pamayamba kusupuka.

Ine ndimasamalira dziwe lotere ku Johannesburg, ntchito imene Amalawi ambiri amagwira kuno. Mzindawu uli pamtunda woposa mamita 1,700, choncho dzuwa lake limaluma utoto, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku. Chimene chimateteza konkireyo ndi mankhwala oonekera mkati otchedwa sealer, opakidwa ndi rola pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi ikakwana, konkire amanena yekha. Ndikathira madzi pang'ono n'kukhala timikanda pamwamba, ndiye kuti akadali bwino. Pakada msanga, madzi akulowa.

Kupakako sikuvuta. Chovuta n'kudikira. Konkire watsopano amafuna masiku 28 asanapakidwe, ndipo wakale ukamutsuka uyenera kumusiya aume mpaka mkati. Pamwamba pangaoneke pouma gwa, koma pansi pali chinyezi. Ndimamata kapepala ka pulasitiki ndi tepi, n'kukasiya usiku wonse. M'mawa ndikapeza thukuta kunsi kwake, rola ndimaibweza. Ukapaka pachinyezi, chimatsekeredwa mkati ndipo malo onse amachita mbuu. Ukapaka masana dzuwa lili paliwombo, pamatuluka timatuza. Ukathira wambiri poganiza kuti ukuteteza kwambiri, konkire amalephera kupuma. Zofunika n'kupaka kawiri, mopyapyala, kachiwiri koyamba katauma.

Kupyapyala kumeneku kumandikumbutsa agogo akamazira m'nyumba. Sankaunjika dothi. Ankalisalaza ndi chikhatho pang'onopang'ono, chifukwa lochindikala limang'aluka, ndipo ankadziwa kuti posachedwa adzagwadanso kuzira. Sindinawamve akudandaula kuti ntchito yawo siikhalitsa. Ndikamayendetsa rola ndimapeza mtendere womwewo: zimene ndikupakazi zidzatha, dzuwa ndi mapazi zidzazidya, koma zidzadya zimenezi m'malo mwa konkire.

Pali chimodzi chimene sindilolera. Eni nyumba ambiri amakonda pansi ponyezimira, ndipo sindiwadzudzula, utoto umadzukadi pakawala. Koma sealer akanyowa amaterera, ndipo pamalo pano ana amathamanga osavala nsapato, madzi ali chuchuchu. N'chifukwa chake popaka komaliza ndimasakanizamo ufa wamchengamchenga wopangidwira ntchito imeneyi, ndikumatakasa pafupipafupi kuti usakhale pansi pa chidebe. Kuwala kumachepa pang'ono. Bwana atandifunsa chifukwa, ndinawapempha kuti avule nsapato, ndinathira madzi, iwo n'kuyendapo. Sanafunsenso.

Masiku ena onse ntchito ndi yaing'ono. Kusesa masamba asanathimbiritse, kutsukuluza ndi madzi a pampopi ana akatuluka m'dziwe, kuonetsetsa kuti miphika ya maluwa isakhale malo amodzi nthawi yaitali, ndi kuyang'ana ming'alu mvula ya Okutobala isanayambe.