Phunziro 19: Ukwati ndi Khomo la Dziko la Eni

CHOLINGA

Kuthandiza anyamata ndi atsikana a kalasi lalikulu kuganizira funso ili: kodi ndi bwino munthu kulowa m'dziko la eni kudzera mu ukwati? Ngati ndi bwino, malire ake ali pati?

MAU OYAMBA

Kuyambira kale ukwati umasamutsa munthu. Kwathu kuno mnyamata akakwatira amapita kukakhala kwao kwa mkazi, ndipo timamutcha mkamwini. Pena mwamuna amapempha kwa eni mbumba kuti amtenge mkazi apite naye kwao, ndicho chitengwa. Pa njira zonse ziwiri mmodzi amasiya mudzi wake, manda a makolo ake ndi anthu omdziwa, nakakhala mlendo pakati pa abale a mnzake. Ololeza zimenezi ndi ankhoswe, ndipo nyakwawa imauzidwa.

Masiku ano ulendo womwewo umaoloka nyanja. Mtsikana wa ku Dedza akhoza kukwatiwa ndi nzika ya Britain, mnyamata wa ku Zomba akhoza kukwatira mkazi wa ku America. Pamenepo pamalowa nkhoswe ina yosakhala mbale wa aliyense, ndiyo boma la dziko limene akupitalo. Popanda chiphaso chake, chimene timati viza, awiriwo sangagone m'nyumba imodzi m'dzikomo ngakhale ukwati wao unadalitsidwa pamaso pa mpingo wonse.

1. ZIMENE BOMA LIMAFUNSA

Titenge chitsanzo cha Britain, kumene abale athu ambiri ali. Kuyambira mu 2010 wofuna kutsata mwamuna kapena mkazi wake kumeneko ayenera kuonetsa kuti amadziwa Chingerezi. Mu July 2012 boma linaika lamulo lakuti mwini dzikoyo azilandira mapaundi osachepera 18,600 pa chaka asanaitane mnzake, kapena akhale ndi ndalama zambiri zosunga. Mu April 2024 linakweza chiwerengerocho kufika mapaundi 29,000. Lamulo la 2012 lomwelo linatalikitsa nthawi yodikira kuchoka pa zaka ziwiri kufika zisanu. Wobwerayo amapatsidwa chilolezo cha miyezi 33, kenaka china cha miyezi 30, ndipo akatha zaka zisanu ali m'banjamo ndi pamene angapemphe kukhazikika. M'zaka zimenezi amaloledwa kugwira ntchito, koma kawirikawiri saloledwa kulandira chithandizo cha ndalama chimene boma limapereka kwa osowa. Pamwamba pa zonsezi awiriwo ayenera kutsimikizira ofesala kuti ukwati wao ndi weniweni.

Tsono mafunso athu ali atatu. Loyamba likhudza wopitayo, lachiwiri likhudza woitanayo, lachitatu likhudza boma.

2. KODI NKULAKWA KUFUNA DZIKO PAMODZI NDI MUNTHU?

Ena amati munthu akangoganizako za ubwino wa dziko la mnzakeyo, ndiye kuti chikondi chake ndi chabodza. Mau amenewa ndi olimba mopitirira. Palibe ukwati umene anthu amalowa atatseka maso. Makolo athu ankayang'ana ngati mnyamata ali wolima, ngati kwao kuli nkhokwe, ngati mtsikana ali wochokera ku banja la mbiri yabwino. Sitinene kuti maukwati onsewo anali achinyengo.

Kumbukirani Rute. Iye anali Mmoabu, ndipo anapita ku Betelehemu pamene kunalibe chilichonse chomdikira: mwamuna wake anali atamwalira, apongozi ake anali osauka. Pambuyo pake ukwati wake ndi Boazi unampatsa pokhala, chakudya ndi dzina pakati pa anthu a dziko lachilendo, ndipo Naomi anakonza zimenezi mosabisa. Palibe amene amamtsutsa Rute chifukwa ukwati unamkhazika bwino. Kukhulupirika kwake kunaoneka kale phindu lisanabwere.

Boma la Britain linayesapo kuyeza mitima pa nkhani imeneyi. Kwa zaka zambiri linali ndi lamulo lakuti wobwera atsimikize kuti cholinga chachikulu cha ukwati wake sichinali kulowa m'dzikomo. Maukwati enieni, ena okhala ndi ana, ankakanidwa chifukwa palibe munthu angathe kutsegula chifuwa chake kuti ofesala aone chimene chinali choyamba. Lamulolo linachotsedwa mu 1997.

Chimene ofesala sangathe kuyeza, mwini wake akhoza. Funso lake ndi ili: viza itakanidwa, kodi ndidzamfunabe munthu ameneyu? Iye atanena kuti tiyeni tikakhale ku Ntcheu, kodi ukwati ukhalapobe? Woyankha kuti inde, aoloke nyanja ndi mtima woyera. Woyankha kuti iai, adziwe kuti akukwatira chiphaso, ndipo munthuyo wamuyesa makwerero.

3. UKWATI WA MAPEPALA

Pali ena amene sabisa nkomwe. Amapangana ndi nzika ya dzikolo, nalipira ndalama, najambulitsa zithunzi zovala zoyera, nasainirana ku ofesi, koma aliyense amagona kwake. Wochita zimenezi amadziteteza motere: "Tinagwirizana tonse awiri, palibe amene ananamizidwa. Kwathu kuli njala, ana akufuna fizi. Ndalakwira yani?"

Tisafulumire kumseka munthu wotere, pakuti umphawi umene akunenawo ndi woona. Koma funso lake lili ndi yankho.

Poyamba, walakwira mau ake omwe. Waima pamaso pa mboni nalonjeza chimene sakufuna kuchita. Bodza la tsiku limodzi likanachepa, koma ili ayenera kulidyetsa zaka zisanu: makalata onama, zithunzi zonama, mayankho oloweza pamtima. Munthu amene wazolowera kulumbira monama pa chinthu chachikulu chotere, pa zing'onozing'ono adzalankhula zoona bwanji?

Chachiwiri, walakwira wotsala kumudzi. Nthawi zambiri wochita ukwati wa mapepala ali kale ndi mkazi ndi ana kwao. Kuti zitheke ayenera kulemba kuti ndi mbeta kapena kuti banja linatha. Mkazi weniweni amauzidwa kuti apirire, ndi za mapepala chabe. Koma pa mapepala a dziko lijalo iye salinso mkazi wa munthuyo, ndipo zimachitika kuti ukwati wongoyerekeza uja umabala mwana nusanduka weniweni, weniweni uja nufota.

Abramu anachita chofanana ndi ichi, ngakhale mozondoka. Njala itakula anatsikira ku Aigupto, ndipo chifukwa cha mantha anauza Sarai kuti azinena kuti ndi mlongo wake. Iye anabisa ukwati umene unalipo, anthu a lero amaonetsa ukwati umene kulibe, koma onse akunama za ukwati kuti zinthu ziwayendere m'dziko la eni. Njala inali yoona, mantha anali oona. Nanga analipira ndani? Sarai, amene anatengedwa kupita ku nyumba ya Farao pamene Abramu ankalandira nkhosa ndi ng'ombe.

Chachitatu, walakwira okwatirana oona amene akudza pambuyo pake. Mu 2010 mbusa wina wa Church of England ku St Leonards anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zinai chifukwa chomangitsa maukwati onyenga pafupifupi 360. Milandu yotere ndi imene inalimbitsa malamulo. Kuyambira mu 2015 ku England nthawi yolengeza ukwati ku ofesi ya boma inakwera kuchoka pa masiku 15 kufika 28, ndipo boma likakayika likhoza kuitalikitsa mpaka masiku 70. Amene akufunsidwa mafunso ochititsa manyazi lero, ambiri ndi anthu osalakwa. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Choipa koposa ndi pamene mnzakeyo sakudziwa. Iye wapereka mtima wake, ndalama zake ndi zaka zake, pamene winayo akungowerenga miyezi kuti chiphaso chikatuluka anyamule chikwama. Uku ndi kuba, ndipo chobedwacho palibe bwalo lingabweze.

4. WOGWIRA KIYI

Tisaganize kuti wolakwa amakhala wobwera yekha. Pa zaka zisanu zija chilolezo chake chimapachikika pa ukwati. Banja likatha, chilolezo chikhoza kudulidwa. Motero mwini dziko ali ndi mphamvu yaikulu pa mnzake, ndipo mphamvu yotere imayesa munthu.

Mkamwini wa kumudzi ankavutika, koma zikafika poipa ankatha kuyenda tsiku limodzi nakafika kwa malume ake. Mtengwa akazunzidwa, ankhoswe ankabwera nakhala pansi. Nanga amene ali ku Leeds, wosadziwa njira, wopanda mbale, pasipoti yake ili m'kabati ya mwamuna, adzathawira kwa yani? Alipo amuna ndi akazi amene mkangano uliwonse amautseka ndi mau akuti, "Ndinakubweretsa ndine, ndikakubweza." Wolankhula chotere wasandutsa ukwati kukhala ukapolo, ngakhale mapepala ake onse ali oona.

Aphunzitsi anene momveka kuti malamulo a Britain amalola munthu amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza kupempha kukhazikika payekha, osadikira zaka zisanu zija. Wozunzidwa asapirire nkhonya poopa kubwezedwa. Ndipo woitana mnzake adziwe kuti amene wasiya amai ake, chilankhulo chake ndi nsima ya kwao chifukwa cha iye wapereka zambiri kuposa mtengo wa tikiti. Wangongole ndi woitanayo.

5. NANGA BOMA?

Dziko lililonse lili ndi ufulu wosamala malire ake, monga mwini mudzi amafunsa mlendo kumene wachokera. Kufufuza ngati ukwati ndi woona si kulakwa. Koma lamulo la ndalama lija silifunsa za choona, limafunsa za thumba. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ololedwa kwa munthu wamkulu ku Britain anali mapaundi 11.44 pa ora. Wogwira maora 40 pa sabata chaka chonse sankafika mapaundi 24,000. Ndiye kuti munthu wakhama, wosajomba ku ntchito, akhoza kulephera kukhala ndi mkazi wake m'dziko lobadwira, pamene wolemera sadziwa nkomwe kuti lamulolo lilipo. Ana ena akukula akuona bambo kapena mai wao pa foni pokha. Mu 2017 bwalo lalikulu koposa la Britain linagamula kuti lamulolo palokha ndi lololeka, koma linati silinaganizire mokwanira ubwino wa ana.

Boma limati likuteteza ndalama za okhoma msonkho, ndipo nkhawa imeneyo si yopanda pake. Komabe tiyenera kufunsa ngati ndi chilungamo kuti kukhala pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi kukhale ndi mtengo umene wosauka sangaufike. Ife tikuona kuti pamenepa lamulo lalemera mbali imodzi.

Tsono wina adzati, "Ngati lamulo ndi lokondera, bwanji osalizemba?" Taonani zimene anachita amai atatu okhala ku Britain amene amuna ao anakanizidwa kukhala nao. Nthawi imeneyo kunali kosavuta mwamuna kuitana mkazi wake kusiyana ndi mkazi kuitana mwamuna wake. Amaiwo, mmodzi wa iwo wobadwira ku Malawi, anatengera nkhaniyo ku bwalo la ufulu wa anthu la ku Strasbourg, ndipo mu 1985, pa mlandu wotchedwa Abdulaziz, Cabales ndi Balkandali, bwalolo linagamula kuti Britain ikusankha pakati pa amuna ndi akazi. Chigamulocho sichinathetse mavuto onse, pakuti boma linafananiza malamulo poumitsa mbali zonse ziwiri. Koma iwo anatsutsa choipa poyera, ndi maina ao enieni ndi maukwati ao enieni, ndipo tsankho lija linachoka m'malamulo. Wozemba ndi bodza amadzipulumutsa yekha, nasiya khomo lili lothina koposa kwa otsatira.

MAU OTSIRIZA

Kutsata mwamuna kapena mkazi wako ku dziko lake ndi chinthu cholemekezeka, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ngati ulendowo wabweretsanso ntchito ndi sukulu ya ana. Koma wopita awerengere mtengo, pakuti walira mvula walira matope: kuli kuzizira, kusungulumwa, ndi maliro a kumudzi amene adzangowamva pa foni. Makolo nawonso asakankhire mwana ku ukwati chifukwa chongomva dzina la dziko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankhoswe afunse za khalidwe la munthuyo monga akanafunsira akanakhala wa mudzi woyandikana nawo, ndipo asatseke pakamwa poona pasipoti.

MAFUNSO

1. Kodi mkamwini wa kumudzi ndi munthu wopita kunja pa viza ya ukwati akufanana pati, ndipo akusiyana pati?
2. Tchulani anthu atatu amene ukwati wa mapepala umawalakwira.
3. Mnzanu wakuuzani kuti akufuna kukwatira munthu amene samkonda kuti apeze chiphaso, athandize amai ake odwala. Mudzamuyankha chiyani, ndipo mudzamthandiza bwanji pa vuto la amai akewo?
4. Kodi woitana mnzake ku dziko lake ali ndi udindo wanji pa iye?
5. Lamulo likakhala lokondera, ndi njira ziti zolitsutsira popanda kunama?