KODI NZERU YA MUNTHU MMODZI IKHOZA KUSUNGA DZIKO?

Pali funso limene liyenera kutibvuta ife tonse okhala m'dziko la Mzimba, ngakhale sitilifunsa kawiri-kawiri pa mabwalo athu. Funsolo ndi ili: pamene nkhalango iri kutha, mitsinje iri kuphwa msanga, ndi minda yaleka kubala monga kale, ndani ali nayo nzeru yakuciritsa nthendayi? Ena ati, Ndi wa Boma woyang'anira mitengo. Ena ati, Iai, ndi mlangizi wa zaulimi. Enanso ati, Mlandu uwu ngwa mafumu, pakuti dziko liri m'manja mwao. Tiyeni tilingalire pamodzi, abale, ngati nkoyenera kuti mmodzi wa amenewa adziyese yekha mwini nzeru. Ine ndiyesa kuti kutero ndiko kudzikuza, ndipo dziko lathu lasauka nako kale.

Tiyambe ndi nkhalango ya Perekezi, imene iri kum'mawa kwa boma la Mzimba, m'mbali mwa mseu waukuru wocokera ku Jenda kunka ku Mzuzu. Boma linaipatula m'zaka za m'ma 1930 kuti isadulidwe. Tsono tiyese kuti anthu asanu aimirira m'mphepete mwace nayang'ana. Woyamba ndiye mlonda wa nkhalango; iye aona mitengo ndi zitsa, nawerenga zimene zatayika. Waciwiri ndiye wa nchito ya madzi. Iye adziwa kuti masamba ogwa ndi mizu zigwira mvula kuti ilowe pansi pang'ono-pang'ono, ndipo madzi amenewo ndiwo ayendetsa mtsinje wa Mzimba m'malimwe. Podula mitengo, mvula ithamanga pamwamba, nikokolola nthaka. M'dzinja mtsinje ufiira ndi matope, ndipo m'malimwe ucepa, anthu a pa boma nasowa madzi. Wacitatu ndiye mai wa m'mudzi. Iye aona bowa, masuku, nkhuni ndi mankhwala, ndipo adziwa kuyambira ubwana wace kuti pamene pagwa mitengo ya miombo, bowa aleka kumera. Wacinai ndiye namwino. Iye aona ana otsegula m'mimba cifukwa ca madzi oipa. Wacisanu ndiye wootca makala. Iye aona ndalama za sukulu ya mwana wace ndi thumba la feteleza.

Ndani mwa asanuwa anama? Palibe. Onse anena zoona, koma palibe mmodzi wanena zoona zonse. Taonaninso kuti nzeru zao zithandizana. Cimene mai uja anaciona ndi maso, anthu ophunzira za zomera anapeza cifukwa cace: timitsitsi ta bowa tikhala tomangika ku mizu ya mitengo imeneyo pansi pa nthaka, ndipo mtengo ndi bowa zipatsana cakudya. Mai anadziwa kuti ziri comweco; wophunzira anadziwa njira yace. Atakhala pa mphasa imodzi, nzeru yao ikhala yamphumphu.

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa cimene cicitika pamene nzeru imodzi iyenda yokha. M'caka ca 1946 Boma la Atsamunda linaika lamulo lakusunga nthaka, ndipo m'zaka zotsatira alangizi anakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kukumba migula m'minda yotsetsereka. Pa nkhani ya nthaka alangiziwo sanalakwe ai. Mzere wopingasa ugwiradi madzi. Koma sanafunse kuti adzakumba ndani, pokhala amuna ambiri a kuno kwa M'mbelwa anali kutali ku nchito za ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo khasu linatsalira akazi ndi okalamba. M'malo mwa kufunsa anadza ndi cindapusa ndi ndende. Cotero mau akuti malimidwe anasanduka mau owawa m'dziko lonse la Nyasaland, ndipo anthu anada cinthu cabwino cifukwa ca dzanja limene linacibweretsa. Anadziwa nthaka, koma sanadziwe anthu.

Citsanzo caciwiri ciri pamwamba pa mapiri a Viphya, ku Chikangawa. Kumeneko kunabzalidwa mitengo ya paini pa mahekitala monga 53,000, makamaka kuyambira caka ca 1964, ndi colinga cakuti ikadyetse fakitale yopanga zopangira mapepala imene inati imangidwe ku Chintheche. Obzala anadziwa nchito yao, ndipo mitengo inakula bwino ndithu. Koma fakitale ija siinamangidwe konse. Mitengo inakhwima yopanda mwini woidikira. Pambuyo pace anadza oceka matabwa ambiri, ocuruka a iwo odula osabzalanso, ndipo moto wa caka ndi caka unatsiriza zotsala, kufikira mapiri ambiri anakhala ambee. Nzeru yakubzala inalipo yokwanira. Imene inasowa ndiyo nzeru ya malonda, nzeru yakuweruza kuti adule ndani ndi zingati, ndi nzeru yakupatsa anthu oyandikana nayo gawo lao. Nkhalango imene anansi ace alibe nayo gawo iribe alonda, ngakhale Boma lilembe alonda ambiri.

Koma tisangochula zolephera, pakuti m'boma lathu lomwe lino muli citsanzo cina cokondweretsa. Tikwere pang'ono kumpoto, ku Ekwendeni, kumene kuli cipatala ca Sinodi ya Livingstonia. Anamwino a kumeneko anaona kuti ana onyentchera amene anawadyetsa nacira anali kubweranso ndi nthenda yomweyo. Anazindikira kuti muzu wa nthendayo uli ku munda, kumene nthaka inaguga ndipo feteleza anakwera mtengo. M'caka ca 2000 anayamba nchito yochedwa Soils, Food and Healthy Communities, nakhala pansi pamodzi ndi alimi ndi anthu ophunzira, mmodzi wa iwo ndiye Rachel Bezner Kerr wa ku Canada. Alimi anasankha anzao akuyesa njira zatsopano m'minda yao: kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, kubzala soya, kusinthanitsa mbeu zimenezi ndi cimanga, ndi kukwirira masangwi m'malo mwa kuwatentha. Pakuti pa mizu ya mbeu za mtundu wa nyemba pali timatuza, m'mene mukhala tizamoyo tosaoneka ndi maso, timene titenga cakudya ca mbeu mu mpweya ndi kucisiya m'nthaka.

Nthaka inayamba kubwerera. Komatu anapeza kuti zokolola pazokha sizinenepetsa mwana. M'nyumba zina bambo anagulitsa mtedza wonse, ndalama nizithera kwina. Ndipo pa kadyetsedwe ka khanda, mau otsiriza anali a agogo. Cifukwa cace anayamba misonkhano ya abambo, amai ndi agogo pamodzi, ndi masiku akuphunzitsana kuphika. Patapita zaka, poyesa ana pa sikelo, kunaoneka kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa m'nchitoyi anali kukula bwino koposa kale. Namwino yekha sakadatha ici, wophunzira za nthaka yekha sakadatha, ndipo onse awiri akadalephera akadapanda kumvera agogo.

Tsono wina adzati, Mau anu ngabwino, koma pocuruka olankhula mlandu sutha. Tiri cikhalire pa bwalo, nkhwangwa ziri kulira ku Perekezi. Adzatinso, Kodi nkhalamba yosadziwa kulemba ilingana ndi munthu wophunzira za nkhalango ku Mzuzu University, kapena woyesa mbeu ku Mbawa kufupi ndi Embangweni? Funso ili nlolemera, ndipo tisalipeputse. Sitinena kuti onse adziwa zonse molingana. Wa ku Mbawa adziwa zimene ziri m'nthaka, zimene nkhalamba siingazione. Pa zimenezo nkhalamba imvere. Koma nkhalamba idziwa dambo limene silinaphwepo m'zaka za cilala, ndi mwezi umene anthu alibe mphamvu yakukumba cifukwa ca njala. Pa zimenezo wophunzira amvere. Kudzicepetsa kwa wanzeru ndiko kudziwa pamene pali malire a munda wace. Kunena za kucedwa, tiyerekeze miyezi yowerengeka yakukambirana ndi zaka makumi-makumi zimene zinatayika ku Chikangawa, ndipo tidzaona kuti kufulumira kwa munthu mmodzi ndiko kumene kucedwetsa dziko.

Wina adzafunsanso, Nanga wootca makala, kodi timpatse malo pa bwalo, ngakhale aphwanya lamulo? Kumva munthu sikumlungamitsa ai. Kutentha nkhalango yopatulidwa nkulakwa. Lamulo la nkhalango la 1997 likuletsa, ndipo m'caka ca 2020 zilango zace zinakulitsidwa. Koma tidzifunse, abale, matumba aja aimikidwa m'mbali mwa mseu, agula ndani? Agula anthu a pa boma la Mzimba, a ku Mzuzu ndi a ku Lilongwe, ndipo ena a iwo ndi ife tomwe tiimba m'kwaya ndi kukhala pa mipando ya akuru a mpingo. Wootca ndi wogula agwira nkhwangwa imodzi. Tikampitikitsa osamfunsa cimene cinamtuma kunkhalango, mawa adzapita mbale wace, pakuti njala imene inamtuma ikali m'nyumba.

Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, anafanizira Eklesia ndi thupi limodzi la ziwalo zambiri zosowana. Cilengedwe ca Mulungu cikhalanso cotero. Mtengo, mtsinje, ng'ombe, munda ndi mwana wa pamsana zamangidwa ndi cingwe cimodzi. Ife anthu ndife tinazigawa m'maofesi, uyu wa mitengo, uyu wa madzi, uyu wa cipatala, cifukwa mutu wa munthu mmodzi ngwaung'ono. Kugawa nchito sikuipa. Cimene ciipa ndi kuiwala kuti tinagawa cinthu cimodzi, ndi kuyesa kagawo kathu ndiko konse. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga limene tinena pano ndilo lophimba ana athu ndi ana ao. Mai wanzeru, ngakhale m'caka ca njala, sakazinga mbeu ya caka camawa. Nkhalango ndi nthaka ndizo mbeu ya pfuko lonse.

Nanga ife a mpingo ticitenji? Tiri naco cinthu cimene maofesi alibe. Pa Sabata, m'nyumba ya Mulungu, mlonda wa nkhalango, namwino, mphunzitsi, nduna ya inkosi ndi wootca makala akhala pansi pa denga limodzi, nachedwa abale. Palibe nyumba yina m'mudzi imene iwasonkhanitsa comweco. Lamulo lomwe lija la 1997 lilola kuti midzi ipangane ndi Boma kusunga nkhalango pamodzi ndi kugawana phindu lace. Cotero akuru a mpingo, atapangana ndi mafumu, akhoza kuitana onsewa mutatha kukolola, ndi kuika pakati pao funso limodzi looneka ndi maso: mtsinje uwu wa pafupi ndi mudzi wathu, uphweranji msanga, ndipo ticite ciani caka cino? Alankhule amai poyamba, pakuti ndiwo ayenda mtunda wa madzi ndi wa nkhuni. Kapena adzapangana kuleka mphukira za pa zitsa kuti zikule, kapena kusiya misangu m'minda, kapena kuleka kulima kufikira m'mphepete mwa madzi, kapena kuika ming'oma ya njuci kuti wootca makala apeze ndalama mtengo uli ciimire. Cimene adzapangana onse, adzacisunga onse.

Ndipo inu amene Mulungu anakupatsani maphunziro, pobwera kumudzi musadze ndi yankho lokha. Idzani ndi funso lomwe. Inunso akuru a m'mudzi, musakane cinthu cifukwa cokha cakuti cacokera m'buku. Mwini dziko ndiye Mulungu, ndipo anatigawira nzeru pang'ono-pang'ono, yense kagawo kace, kuti tisowane. Atipatse mtima wakumverana pamene mitengo ya ku Perekezi ikali ciimire.