Konzani Malo Musanaphunzitse Mwana Chimbudzi

Ana anga a ku Petauke ndi ku Nyimba, inu amene muli ndi kamwana kongoyamba kuthamanga pabwalo, tamverani kuno. Mwana akakwanitsa zaka 2, kapena kupitirirako pang'ono, amasonyeza yekha kuti nthawi yosiya matewera yayandikira. Amadzuka tulo tamasana thewera lili louma, akafuna kubiba amakanjuta kuseri kwa nkhokwe, thewera likanyowa amalikoka. Mukaona zimenezi yambani mwakonza malo. Ana ambiri amene timawanena kuti ndi osamva amangoopa chibowo cha chimbudzi.

Tagwadani pakhomo pa chimbudzi chanu, maso akhale pamsinkhu wa mwanayo. Muona mdima, ntchentche, ndi dzenje loti mwendo wake wonse ungalowemo. Ndani angavule kabudula pamenepo mtima uli m'malo? Tsono mugulireni kapoti kapulasitiki, m'mashopu apaboma kamapezeka. Kaikeni pamthunzi, pafupi ndi chimbudzi chachikulu, malo amodzimodzi tsiku lililonse. Muzimukhazika akangodya phala m'mawa ndiponso asanagone. Agogo anu ankakhala pansi, n'kutambasula miyendo, n'kumukhazika mwana pakati pa mapazi awo uku akumuyankhula mofatsa mpaka atamaliza. Nzeru imeneyo sinathe ntchito; kapoti kangolowa m'malo mwa mapazi.

Akazolowera, mulowetseni m'chimbudzi mutamugwira dzanja. Chibowo chichepetsedwe ndi thabwa lolimba kapena silabu, chikhale ndi chivundikiro cha chogwirira chachitali, ndipo pakhoma pasiyidwe kazenera kolowetsa kuwala. Nyengo yamvula muziyendera pansi pake kawirikawiri, chifukwa dothi la mchenga limagumuka mitengo ikaola. Amene mukukumba chatsopano, chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Pali bodza lina limene limandipweteka mtima, loti bibi wa mwana alibe vuto. Mayi amangofotsera ndi phazi, kapena kusiyira nkhumba kuti zikonze pabwalo. Kwathu kuno nkhumba zimayenda momasuka, ndipo zikadya chimbudzi cha munthu wa njoka zam'mimba, nyama yake imachita timatuza toyera tija timati masese. Wodya nyamayo isanapse bwino amatenga njoka yaitali. Choopsa kwambiri n'chakuti mazira a njokayo akalowa m'kamwa kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, amaswa timphutsi timene timatha kukakhazikika muubongo n'kuyambitsa khunyu. Madokotala anafufuza zimenezi m'midzi ya ku Petauke konkuno, napeza kuti matendawa alipo. Ndipo mwana ndiye amakwawa pansi pomwepo, dzanja n'kupita nalo kukamwa. Choncho kapoti kakhuthulidwe m'dzenje nthawi yomweyo, katsukidwe ndi sopo, madzi otsukirawo athiridwenso m'dzenjemo. Akachitira pabwalo, wolani ndi khasu pamodzi ndi dothi lake. Mapampasi musatayire kudzala kumene agalu amawang'amba. Akwirireni mozama, poti m'chimbudzi saola, amangodzazitsa msanga.

Simunaiwale kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inachititsa kuti bwalo la Heroes ku Lusaka lisanduke chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Anthu oposa 700 anatisiya. Njira ya matendawo ndi yomweyi: chimbudzi, dzanja, pakamwa. Kuti mwana azisamba m'manja, pachikani kachigubu ka malita 5 pamtengo, kabooledwe ndi msomali, kamangidwe chingwe chofika pakamtengo kopondera. Kakhale kamunsi kuti mwana afikire yekha. Ana amakonda kuponda n'kuona madzi akutsika, mwakuti simudzavutika kumukumbutsa. Sopo akasowa, phulusa lilipo kukhitchini.

Inu a m'nyumba za chimbudzi chogejemula, muikireni kampando kopondapo kuti miyendo isalendewere. Ndowa ndi madiramu osungira madzi azikhala ovundikira, chifukwa kamwana kakagwera chamutu sikatha kudzitulutsa. Klorini ndi mankhwala otsukira akhale pamwamba.

Azibambo, nkhaniyi ndi yanunso. Ndikudziwa ulemu wathu, kuti mkamwini sangaonedwe akulowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake, ndipo ena amathawira kutchire chifukwa cha manyazi omwewo. Ulemuwo ndi wabwino, koma yankho lake ndi kukumba chachiwiri, khomo liyang'ane kwina, mpanda waudzu utchinge. Mwana wamwamuna amatsata mapazi a atate wake. Akaona kuti m'mawa uliwonse mumalowera kuthengo, kapoti kaja adzakayesa chilango cha amayi.

Tsiku lina mwana adzadziwonongera kabudula alendo ali pakhonde. Musamumenye, musamuchititse manyazi pamaso pa anzake, ndipo akulu ake muwaletse kumuseka. Mwana woopsezedwa amayamba kugwira chimbudzi, m'mimba mumauma, pobiba pamapweteka, ndiye amaopa koposa kale. Musambitseni, mumuonetse kapoti, basi. Kukodza pamphasa usiku kumachedwa kutha, ena mpaka zaka 5. Yalani pulasitiki kunsi kwa chitenje, tochi ikhale pafupi. Koma akamalira pokodza, akatsegula m'mimba, kapena mukaona magazi m'chimbudzi chake, musadikire tsiku la sikelo. Ngati watsegula m'mimba mupatseni madzi a ORS, mutenge khadi lake, mupite naye kukiliniki yapafupi, kaya ku Minga, ku Kalindawalo kapena kuchipatala cha boma ku Nyimba.