Kodi Nsomba za m'Dziwe Nza Yani?

Mwezi wa Seputembala ukafika, miombo itaphuka masamba ace ofiira, dziko la Lundazi lilowa m'nyengo ya ludzu. Mitsinje ya Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi, imene m'dzinja siwolokeka, icepa kufikira m'malo ambiri ileka kuyenda, ndipo patsala maiwe okha pakati pa mcenga ndi miyala. Ku Malambo, m'maiko a mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, amene kuyambira caka ca 2018 awerengedwa m'boma la Lumezi, Luangwa nayenso abwerera m'khwawa lace, nasiya matamanda m'mbali. Nsomba zimene zinabalalika m'madambo nthawi ya mvula tsopano zipanikizana pamalo pang'ono: milamba, nchila, nkholokolo, matemba, ndi zina zofanana ndi cambo. Mwana wa zaka khumi akhoza kuziona ndi maso ziri kusambira, ndipo ndiwo m'nyumba zatha.

Apa ndi pamene pauka funso limene akristu ambiri saliyesa funso la cikristu konse. Munthu akalowa m'munda wa mnzace nathyola cimanga, mudzi wonse umucha mbala, pakuti cimangaco ciri ndi mwini amene anacibzala. Akatenga mbuzi ya mnzace, mlandu upita kwa mfumu. Koma nsomba za m'dziwe palibe anazibzala, palibe aziweta, palibe angaloze imodzi nanena kuti iyi ndi yanga. Kodi tsono munthu akazitenga zonse tsiku limodzi, wacimwira yani?

Njira zogwirira nsomba siziri zofanana. Mbedza igwira imodzi imodzi, ndipo ikola yokhayo imene kamwa lace likwana. Mono wolukidwa ndi nsungwi kapena bango usiya mipata, ndipo tiana tipulumukira m'mipatamo. Ukonde wa maso akulu ucita cimodzimodzi. Koma ziripo njira zina zosadziwa kusankha. Yakale ndiyo katupe: masamba ace asinjidwa, nathiridwa m'madzi osayenda, ndipo ululu wace ulowa mopumira mwa nsomba, kotero kuti zazikulu ndi zazing'ono ziyandama pamodzi, mimba kumwamba. Zatsopano ndizo ukonde wa udzudzu, umene unaperekedwa kuti ana agonemo asadwale malungo, koma usokedwa nusanduka khoka losapyola ngakhale kanthu. Ndi mankhwala opopera m'munda, amene ena afika powathira m'dziwe lomwelo limene akazi atungamo ndi ng'ombe zimwamo.

Wothira katupe sasowa mau, ndipo mau ace ayenera kumvedwa bwino asanatsutsidwe, pakuti kawirikawiri sali munthu woipa mtima, koma atate wa ana anjala. Iye ati: Dziwe ili liphwa ndithu mvula isanagwe, ndikazisiya nsombazi zidyedwa ndi mbalame ndi ng'ona, kapena ziolera m'matope. Atinso: Ndikapanda kuthira ine lero, mawa athira a mudzi wa tsidya, ndipo ana anga adzagona ndi nsima yosuma pamene ana ao ali kutafuna. Pomariza achula mwambi wa makolo, kuti papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Mau ace oyamba ali ndi coonadi, koma si conse. Maiwe ali a mitundu iwiri, ndipo nkhalamba iri yonse ya m'mudzi idziwa kuwasiyanitsa. Alipo matamanda osaya amene caka ndi caka auma gwa, nasanduka matope ong'ambika. Nsomba zotsekeredwa m'menemo zambiri sizidzaona mvula, kupatula mlamba, umene Mlengi anaupatsa mphamvu yopuma mpweya ndi kupirira m'thope. Mudzi ukasonkhana kukabvuula nsomba zotere ndi madengu, palibe cowatsutsa. Kumeneko ndi kukolola, ndipo kusiya cakudya kuti cionongeke sikulemekeza Mulungu. Koma alipo maiwe akuya osaphwa, pansi pa mathanthwe ndi pa mizu ya mikuyu. Amenewa ndiwo nkhokwe ya mbeu ya mtsinje wonse. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, nsomba zopulumuka m'menemo zikwera ndi madzi, nizikaswana m'maudzu omizidwa, ndipo matemba onse amene ana adzagwira mu Epulo acokera kwa izo. Wothira mankhwala m'dziwe lotere afanana ndi mlimi amene mu Okutobala akazinga cimanga ca mbeu. Kusiyana kwace ndi kumodzi: mlimiyo akazinga mbeu yace, koma uyu wakazinga mbeu ya midzi yonse ya m'mphepete mwa mtsinje, kufikira kwa anthu amene sanawaone nkhope.

Cifukwa cace sikoona kuti nsomba ziribe mwini. Salmo 24 lionetsa kuti dziko ndi zonse zodzazamo nza Yehova. Pa Genesis 1 munthu apatsidwa ulamuliro pa nsomba, ndipo ena aima pomwepo mokondwa. Koma pa mutu waciwiri munthu yemweyo aikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ulamuliro wa kapitao suli umwini. Ndipo liripo lamulo laling'ono pa Deuteronomo 22:6-7 limene alaliki salichula kawirikawiri. Mwisrayeli wopeza cisa ca mbalame panjira analoledwa kutenga ana kapena mazira, koma make anayenera kummasula; ndipo lamulo la kambalameli linamangiriridwa lonjezo la masiku ambiri, longa lija la kulemekeza atate ndi amai. Mulungu sanaletse munthu wanjala kudya. Anamletsa kudya lero ndi mawa m'mbale imodzi.

Lamulo limeneli likhudza nsomba koposa umo ambiri aganizira. Cambo ca ku nyanja ya Malawi, pamodzi ndi abale ace a mu Luangwa, cisunga mazira ndi ana m'kamwa mwa make. Mai wa nsombayo asenza ana ace masabata angapo, nawatengera kumadzi osaya kumene nsomba zolusa sizifika. Zoopsa zikadza, tianato tithawira m'kamwa momwemo. Khoka likakokedwa kugombe m'miyezi imeneyo, litenga cisa, mazira, ana ndi make, zonse pamodzi.

Nsomba ya mtundu womwewo ipezekanso m'Nyanja ya Galileya, ndipo asodzi a kumeneko aicha musht. Nyanjayo, ngakhale ichedwa nyanja, iri ya madzi abwino, yotalika monga makilomita 21, ndipo magombe ace ambiri ali a nsangalabwi ndi miyala yakuda, osati a mcenga. Ku Tabgha, pafupi ndi Kapernao, akasupe ofunda athira m'nyanja, ndipo nsomba zisonkhana pamenepo m'miyezi yozizira kufikira nyengo ya Paskha, pamene dziko la kumeneko liphukira. Ndi m'nyengo imeneyo, Paskha atapita, pamene Ambuye wouka kwa akufa anaima pagombe m'banda kuca, ophunzira atagwira nchito usiku wonse osakola kanthu. Ndipo Yohane 21 anena kuti khoka linaturuka ndi nsomba zazikulu 153. Pa Mateyu 13 Ambuye afanizira Ufumu ndi khoka lokokedwa kumtunda, asodzi nakhala pansi kusankha. Pano mlaliki acenjere. Nkhani izi sizinalembedwe kuti ziphunzitse ukulu wa maso a ukonde, ndipo wokakamiza Malembo kunena cimene sanena aononga ulaliki wace. Cimene cioneka poyera ndi ici cokha, kuti Ambuye sananyoze nchito ya usodzi, ndi kuti pa Luka 5, nsomba zitacuruka, Petro anakodola anzace a m'ngalawa yina kuti adzathandize. Koma ngakhale nyanja imene Ambuye anayendapo siiri yosatha: m'caka ca 2010 boma la Israel linalengeza kuti lifuna kutseka usodzi m'menemo zaka ziwiri, popeza nsomba zinacepa kwambiri.

Umboni wina uli pafupi, kutsidya kwa malire. M'zaka za m'ma 1950 nchila inali imodzi ya nsomba zogwidwa kwambiri ku nyanja ya Malawi. Maukonde a nailoni atafika, ndipo nsombazo zitachingidwa pa matsiriro a mitsinje pokwera kukaswana, nchila inasowa m'zaka zowerengeka, ndipo siinabwerere pa ucuruki wace. Ku nyanja ya Malombe cambo cinali kugwidwa matani zikwizikwi m'zaka zoyamba za m'ma 1980, koma pofika m'ma 1990 panatsala mazana owerengeka. Asodzi a kumeneko sanapangane kuti aononge nyanja yao. Yense anali kungotonola papsa.

Tsono atsala mau aciwiri a wothira katupe uja, ndipo ndiwo olemera koposa: ndikasiya ine, atenga mnzanga. Kunena zoona, iye sanama. Munthu mmodzi akadziletsa yekha, nsomba sizipulumuka. Zingosamukira m'mphika wa wina. M'macimo ambiri, monga kuledzera ndi bodza, munthu akalapa cipatso ca kulapako cioneka m'nyumba mwace momwe. Pa dziwe sipatero. Wolungama abwerera ndi dengu lopanda kanthu, ndipo dziwe lifa ndithu. Abusa amene angouza munthu wotere kuti adziletse, osanena kanthu kwa mudzi wonse, amsenzetsa katundu amene iwo sanamkhudze ndi cala.

Boma liri ndi malamulo ace. Lamulo la usodzi la Zambia la caka ca 2011 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena ndi zophulika nyengo iri yonse, ndipo caka ndi caka usodzi utsekedwa m'madzi ambiri a dziko kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Malamulo ndi abwino, ndipo mkristu awamvera cifukwa ca cikumbumtima, monga Aroma 13 aphunzitsa. Koma wa boma sangagone pa dziwe liri lonse la Lumezi. Katupe athiridwa m'mamawa, ndi anthu odziwana, ndipo palibe adzanenera mlamu wace.

Cimene lamulo la kutali lilephera, pangano la pafupi nthawi zina licita. Pa cisumbu ca Mbenji, ku nyanja ya Malawi m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mu Disembala asodzi onse acoka pacisumbupo, ndipo abwerera mu Epulo, mfumu itatsegula pamaso pa anthu. Moŵa suloledwa pamenepo, ndipo wophwanya pangano apirikitsidwa. Asodzi acokera kutali kudzapempha malo pa Mbenji cifukwa utaka wace sunathe. Msodzi wa pamenepo akhoza kusiya nsomba m'madzi ndi mtima wokhazikika, podziwa kuti mnzace sadzazitenga usiku. Pangano silisandutsa anthu angelo, koma licotsa mantha amene acititsa munthu wabwino kucita zoipa. Midzi ya ku Lundazi iri nazo zonse zofunika pa pangano lotere: ziripo nyakwawa ndi mafumu, alipo akulu odziwa dziwe liri lonse ndi dzina lace, ndipo ulipo mpingo umene usonkhanitsa a tsidya lino ndi a tsidya lija pansi pa denga limodzi tsiku la Sabata. Kusankha maiwe awiri kapena atatu akuya kuti asakhudzidwe kufikira mvula, ndi kupangana tsiku limodzi lobvuulira matamanda osaya, ndi nkhani ya bwalo limodzi mu Ogasiti.

Nanga pangano likasoweka, mkristu acitenji? Mbedza ndi mono nzace. Adye ndi kuyamika. Koma mankhwala sangathire, ngakhale onse athire, pakuti cimene aononga sicibwezeka, ndipo madziwo amwa ndi mnansi wace. Kutaya kwace kudzakhala kweni kweni, ndipo palibe angamlonjeze kuti kudzapulumutsa nsomba imodzi. Adziwe cokha kuti oyamba kumva kufa kwa dziwe si amuna amphamvu, amene akhoza kupalasa njinga kunka ku Luangwa, koma mai wamasiye ndi agogo amene dengu lao lifika pa dziwe la kuseri kwa mudzi basi. Levitiko 19 analamula wokolola kusiya m'mphepete mwa munda cifukwa ca anthu otere.

Ndipo mpingo wolalikira izi usaiwale kuti miyezi yotseka usodzi ndiyo miyezi ya njala, pamene nkhokwe zapepuka ndipo cimanga sicinakhwime. Kuletsa kopanda ndiwo sikukhalitsa. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, nyemba, nsawawa, ndi maiwe okumba oweteramo nsomba kumene dambo lilola, zonsezi ndi nkhani zoyenera msonkhano wa akulu a mpingo ndi wa cigwirizano ca amai, monga iyenera nkhani ya copereka.

Patsala munthu mmodzi amene sananyowe mapazi, ndiye wogula. Nsomba zambiri za katupe ndi za ukonde wa udzudzu sizidyedwa ndi wozigwira. Ziyanikidwa, nizifika pa msika wa pa boma ndi m'misika ya m'njira ya ku Chipata, ndipo zigulidwa ndi aphunzitsi, akalaliki, ndi a m'nyumba ya abusa omwe. Si nsomba yaing'ono iri yonse iri mwana: kapenta, usipa ndi matemba ndi zazing'ono mwa cibadwa cao, ndipo wozigula alibe mlandu. Koma mai wozolowera msika adziwa kusiyanitsa matemba ndi tiana ta mlamba kapena ta cambo tosakwana cala, tounjikidwa pa thumba pa mtengo wocepa. Akhoza kufunsa mwaulemu kuti, Bambo, nsombazi munagwira ndi ciani? Wogulitsa kapena sadzayankha. Mulu wa tianato uli wochipa kuposa wa kapenta, ndipo ndalama iri m'nsonga ya citenje iyenera kukwanira mcere ndi sopo.