KODI MUNTHU ANGABERE MWANA AMENE SANABADWE?



Tsiku lina, titatha kuphunzira lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu, limene limaletsa kuba, bambo wina wacikulire anaimirira nafunsa kuti: "Aphunzitsi, kuba mbuzi ya mnansi ndi chimo, cimeneco ndamva. Nanga ndikatentha chire posaka mbewa, ndabera yani? Chire liribe mwini." Anthu anaseka, koma ine ndinasowa yankho lacangu. Funso limeneli ndi lalikulu, ndipo tiyenera kulilingalira mofatsa.

1. Wosunga si mwini

Ndi zoona kuti pa mtengo wa mombo sipanalembedwe dzina la munthu. Koma buku la Genesis limatiphunzitsa kuti Mulungu, poika munthu m'munda, anampatsa nchito ziwiri: kuulima ndi kuusunga. Tsono wosunga si mwini iai. M'bale wako akapita ulendo nakusungitsa nkhokwe yake, ungathe kutapamo cimanga pa tsiku la njala, ndipo iye sadzakuimba mlandu. Koma ukaitentha, udzamuuza ciani pobwera? Ndico cifukwa cake Katekisimu wa Eklezia Katolika, wa caka ca 1992, anaika kulemekeza zolengedwa pansi pa lamulo lomweli loletsa kuba, pakuti nthaka, mitengo ndi nyama zinapatsidwa kwa anthu onse: akale, alero ndi am'tsogolo. Papa Francisco anakumbutsanso dziko lonse za udindo umenewu m'kalata yake ya Laudato Si' ya caka ca 2015.

2. Amene timawabera

Tiyeni titsate moto uja. M'mwezi wa Okutobala udzu wauma gwa, mphepo iri kuomba. Moto umapha timitengo tating'ono, umapitikitsa njuci, umasiya nthaka yamaliseche. Ukabwera caka ndi caka, mombo ndi msuku zimatha. Ndipo bowa amene amai amazula m'dzinja amathanso, pakuti bowa wotere amamera pa mizu ya mitengo imeneyi. Woyamba kuberedwa ndiye mai wamasiye amene ndiwo zake zinali m'chiremo.

Kenaka mvula imagwa. Lichinga ndi dziko lokwera, lopitirira mamita 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo madzi a m'mapiri a kumadzulo kwathu amatsikira ku nyanja ya Niassa. Akapeza nthaka yopanda udzu amaikokolola, ndipo matope amakakwirira nsangalabwi za m'mitsinje, pamene mpasa ndi sanjika zimakwera kukaikira mazira. Msodzi wa ku Meponda kapena ku Metangula, amene sanakuonepo nkhope, amabwerera ndi bwato lopepuka. Ndiye waciwiri kuberedwa.

Kunyanjako nako kuli kuba kwake. Neti ya udzudzu imaperekedwa kuti mwana asadwale malungo. Koma ena amaisoka pamodzi ndi zinzake nakokera timwana ta usipa ndi ta cambo m'mphepete mwa madzi. Munthu wotere waba kawiri: wacotsa neti pamwamba pa mwana wake, ndipo wadya nsomba za caka camawa. Nyanja imeneyi iri ndi mitundu ya nsomba yocuruka kuposa nyanja ina iriyonse yamadzi abwino pa dziko lapansi, ndipo mu 2011 boma la Moçambique linalengeza kuti mbali yathu ikhale yotetezedwa. Koma lamulo la papepala silingayende pagombe usiku; cikumbumtima cokha ndico cimafika kumeneko.

Abale athu a ku Malawi anaona cinthu coopsa koposa. Mu Marici 2023 namondwe Freddy anabweretsa mvula ya masiku angapo, ndipo phiri la Soche ku Blantyre, limene mitengo yake inali itadulidwa kwambiri, linatsitsa matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe. Pakati pa akufa panali ana amene sanagwirepo nkhwangwa. Makolo anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Masiku ano zatembenuka, nkhuyu zodya akulu ziri kupota ana.

3. "Koma ana anga ali ndi njala lero"

Wina adzati: "Mau anu ndi okoma, aphunzitsi, koma ine ndikapanda kukankha matumba a makala pa njinga kupita ku Lichinga, ndigula ndi ciani mcere ndi makope a ana? Ndipo bwanji mukudzudzula ine, pamene magalimoto akuluakulu amatuluka ndi zipika za mlombwa?"

Mau amenewa sitingawanyoze. Amene ali ndi makina ndi ndalama ali ndi mlandu waukulu koposa, ndipo mudzi uli ndi ufulu wofunsa mafumu ndi a boma za nkhalango yake. Eklezia imaphunzitsanso kuti munthu amene watenga cofunika kuti apulumutse moyo pa nthawi ya usiwa weniweni sanabe. Koma kutenga ndi kuononga ndi zinthu ziwiri. Wodula mtengo umodzi nasiya citsa kuti ciphuke watenga. Wodula phiri lonse nazula ndi zitsa zomwe waononga. Wotentha chire la mudzi wonse cifukwa ca mbewa khumi sanakakamizidwe ndi njala; wangosankha njira yaulesi. Chimo la wolemera silifafaniza chimo langa, ndipo nkhalango ikatha, wolemera adzasamukira kwina, ife tidzatsala pompano.

4. Phunziro la kumanda

Tisanene kuti kusunga mitengo ndi nzeru ya azungu. Yang'anani m'midzi yathu: ngakhale kumene mapiri ameteka mpala, pali nkhalango imodzi imene yaima ndi mitengo yake ikuluikulu, ndiyo ya kumanda. Palibe msilikali woilondera, palibe mpanda, koma palibe wolowamo ndi nkhwangwa. Cifukwa ninji? Cifukwa timalemekeza amene anatsogola, ngakhale sitiwaona ndi maso. Tsono ngati tidziwa kuleka mtengo cifukwa ca akufa, amene safunanso nkhuni kapena mthunzi, tingalephere bwanji kuuleka cifukwa ca amene sanabadwe, amene adzafuna zonsezi? Iwonso sitiwaona, ndipo sangabwere ku bwalo la mfumu kudzadandaula. Kubera munthu amene sangathe kulankhula ndiko kuba koipa koposa.

5. Kubweza

Munaphunzira kuti wakuba akalapa sangokhululukidwa ndi mau okha; ayenera kubweza cimene anatenga. Nanga mwana wosabadwa tingambwezere bwanji? Timambwezera ndi nchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku.

Pa moto: musatenthe mapesi, akwirireni m'mizere kuti asanduke cakudya ca nthaka. Lambulani m'mbali mwa munda ndi mwa nkhalango ya mudzi. Ngati mudzi wagwirizana kutentha, kukhale m'mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu ukali ndi cinyezi, pakuti moto wa nthawi imeneyo ndi wofatsa ndipo supha mitengo.

Pa nkhwangwa: mombo ndi mitengo inzake imaphukanso pa citsa. Musazule citsa, musacitenthe. Siyanipo mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Musadule mtengo wa pa kasupe kapena wa m'mphepete mwa mtsinje. Mng'oma wa njuci upangidwe ndi matabwa kapena cipika couma, pakuti kusenda khungwa kuzungulira mtengo ndiko kuupha uli ciriri.

Pa mafuwa: mbaula yadothi imasunga moto kuposa mafuwa atatu. Nyemba zathu za ku Niassa zikagona m'madzi usiku zimapsa msanga, ndipo mphika wovundikira umadya nkhuni zocepa. Amuna musati iyi ndi nkhani ya akazi: nkhuni zikatalikira, ndi mwana wanu wamkazi amene amacedwa ku sukulu.

Pa madzi: neti ya udzudzu ikhale pogona. Musathire katupe kapena mankhwala a m'munda mu mtsinje. Mabatire akutha musataye pafupi ndi citsime. Popita kumsika tengani dengu, pakuti mapepala a pulasitiki saola, ndipo mbuzi zikawadya zimafa.

Ndipo bzalani. Kubzala ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kusunga ndi nchito ya zaka: kuthirira m'cirimwe, kuchinga mbuzi, kulambula moto usanafike. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani imeneyi muikambe mu mphakati wanu, ndiponso ndi anansi athu Acisilamu ndi a mipingo ina, pakuti tonse timamwa mtsinje umodzi.

Bambo uja ndinamuyankha sabata yotsatira. Ndinamfunsa kuti masuku amene anadya ali mnyamata anali a mtengo wa yani. Iye anati: "Unalibe mwini." Ndinati: "Nanga ndani anausiya osaudula?" Anakhala cete kanthawi, nati: "Agogo." Pa tsiku la Ubatizo wanu, aliyense abzale mbawa kapena mango pakhomo pake, ndipo ausamale monga asamala lonjezo lake.

Mafunso

1. Kodi kusiyana kwa mwini ndi wosunga n'kotani?
2. Chulani anthu atatu amene amaberedwa chire likapsa mu Okutobala.
3. Kodi kutenga kumasiyana bwanji ndi kuononga?
4. M'mudzi mwanu, ndi mtengo uti, nsomba iti kapena kasupe uti amene agogo anu anamdziwa koma ana anu sanamuone? Mungabweze ciani caka cino?