Kodi Chisoni cha m'Nyimbo Chimakhala Pati?

Popeza nyimbo siimveka yonse nthawi imodzi, koma liwu lililonse limazimirira linzake likamabwera, anthu oganiza mozama akhala akufunsa kuyambira kalekale kuti chisoni kapena chimwemwe chimene womvera amamva chimakhala pati kwenikweni, pakuti liwu limodzi palokha silingagwetse munthu misozi.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira m'chaka cha 430, anasinkhasinkha za nthawi m'buku lake lotchedwa Confessiones pogwiritsa ntchito chitsanzo cha munthu amene akulakatula salimo limene amalidziwa pamtima. Asanatsegule pakamwa, salimo lonse limakhala m'chiyembekezo chake, ndipo akamapitirira, mawu amene wanena kale amasamukira ku zimene akukumbukira, kotero kuti mtima wake umatambasukira mbali ziwiri kufikira choyembekezera chonse chitatha. Tikatengera maganizo amenewa, kukhudzika sikubadwa m'liwu limene likumveka tsopano, koma kumabadwa pamene zokumbukira zikukumana ndi zoyembekezera.

M'chaka cha 1956, katswiri wa nyimbo wa ku America, Leonard Meyer, anapititsa mfundoyi patsogolo ponena kuti mtima umagwedezeka pamene chimene khutu likudikira chachedwetsedwa kapena chapatutsidwa. Mu 2011, Valorie Salimpoor, Robert Zatorre ndi anzawo ku yunivesite ya McGill ku Montreal anapeza kuti dopamine, timadzi ta mu ubongo tokhudzana ndi kulakalaka ndiponso kukondwa, timatuluka m'chigawo china cha ubongo womvera akamadikira pamene nyimbo imam'komera kwambiri, kenako m'chigawo china akafikapo n'kuchita tsemwe.

Komabe mfundo ya Meyer ili ndi vuto limene silichedwa kuonekera, chifukwa kukanakhala kuti mtima umagwedezeka ndi kudzidzimuka kokha, nyimbo yodziwika bwino ikanasukuluka, pamene zoona zake n'zakuti anthu a mu kafukufuku wa ku Montreal anachita tsemwe ndi nyimbo zimene anasankha okha, zimene ankadziwa kumene zikulowera. Umboni woposa pamenepo umapezeka pa siwa, pamene amayi amachezera usiku wonse akuimba nyimbo zimene aliyense anaziloweza ali mwana. Woyambitsa nyimbo amakoka liwu lomaliza la mzere, anzake n'kudikira pang'ono asanavomere, ndipo ngakhale palibe amene akukayika za mawu otsatira, kudikirako kumamveka m'chifuwa. Nyimbo imene inaimbidwa pakati pa usiku anthu maso ali gwa, ikaimbidwanso bokosi likutuluka m'nyumba, kulira kumabuka ponseponse, chikhalirecho palibe liwu limene lasintha. Nthawi zina amene amalira kwambiri si m'bale wa malemuyo ayi, koma mayi wina wapamudzi amene nyimbo yomweyo inaperekeza mwana wake kumanda zaka zapitazo.

Apa m'pamene makina oyezera ubongo amaperewera, chifukwa amayeza mphindi zochepa zimene nyimbo ikumveka, pamene nthawi imene womvera amabwera nayo ndi ya moyo wake wonse, ndipo maliro alionse amasiya kanthu kena m'nyimboyo kamene kadzamveke ikadzaimbidwanso. Augustine yemwe, amene anavomera kuti nyimbo za mu tchalitchi cha ku Milan zinkamuliritsa atangobatizidwa, ankaopa kuti kukoma kwa maimbidwe kungapose mawu opatulika, mpaka ankadziona wochimwa zikatero. Mantha akewo n'ngomveka, koma analekanitsa kwambiri zinthu zimene womvera sazilekanitsa, pakuti mayi wa pa siwa uja sangathe kuloza ngati chimene chamuliritsa ndi mawu, maimbidwe, kapena tsiku limene anaika mwana wake.